Database inabweza, koma session inasunga zolakwika zonse

Loweruka lapitali cha m'ma 9 m'mawa ndinalandira foni kuchokera kwa mayi wina amene amagulitsa mu shopu ya mbewu ndi feteleza yomwe ndinaipangira kasistimu kolembera malonda chaka chatha. Ngakhale moni sitinapatsane bwinobwino, anangoti "Achimwene, katundu wachoka yekha mu dengu muja, ndipo anthu ali pa mzere mpaka pakhonde." Mukudziwa mmene zimakhalira mvula ikayandikira, aliyense amafuna agule lero lomwe, wina wabwera pa kabaza yomwe ikumudikira panja, wina akufuna apeze galimoto yobwerera kumudzi isananyamuke, nde munthu wa pa kauntala akangochedwa mphindi zisanu zokha phokoso limayamba.

Chomwe chinachitika ndi ichi. Kunabwera bambo wina wotumidwa ndi kalabu yawo ya alimi atanyamula pepala long'ambidwa mu kope, palembedwa zinthu 23, matumba a NPK ndi Urea, mbewu ya chimanga ya timapaketi ta makilo awiri awiri, soya, mankhwala opopera, makasu 12, ndi zina zing'onozing'ono. Mayi aja analowetsa chimodzi chimodzi mu dengu la pa kompyuta, kufufuza dzina, kulemba nambala, kudina, mpaka zonse 23 zinakwana. Atadina batani lomalizira malonda panatuluka uthenga woti katundu wina sakukwanira mu stoko, zomwe zinali zoona chifukwa makasu analipo 9 okha. Mpaka apa sistimu inachita bwino. Koma tsamba litabwerera ku dengu munatsala zinthu 7 zokha, zina 16 zija kulibe.

Ndipo chomwe chinandidetsa nkhawa kwambiri si kubwereza kulemba kokhako ayi. Iwowa anazindikira chifukwa mtengo wonse unatsika kwambiri ndipo ndi munthu watcheru amene amawerengeranso pamtima. Akanakhala mnyamata amene amawathandiza masana uja, wongodina mwachangu, akanakonza makasuwo nkumaliza malonda a zinthu 7, kenako nkupereka katundu yense 23 potengera pepala la bambo aja, stoko ya m'buku ndi ya mu sitolo nkusiyana, ndipo pakutha pa mwezi wina akanaganiziridwa kuba pomwe vuto lili mu khodi yomwe ndinalemba ine. Zimenezi ndi zomwe zandipangitsa kuti ndikhale pansi ndilembe, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri amene timapanga timasistimu ta ma shopu, ma sukulu ndi ma banki m'khonde timagwiritsa ntchito PHP yosasakaniza, chilankhulo cholembera khodi ya pa seva chopanda framework, ndipo msampha uwu uli pafupi ndi aliyense.

Kwa amene mwangoyamba kumene, ndifotokoze kaye mmene session imayendera, njira yomwe seva imakukumbukirira ukamachoka pa tsamba lina kupita pa lina, enanu mutha kulumpha. Intaneti payokha siikumbukira munthu, ukadina tsamba lina seva imakuona ngati mlendo amene sinamuonepo. Nde PHP imakupatsa kanambala kako kamene bulawuza imasunga mu cookie, dzina lake lachizolowezi ndi PHPSESSID, ndipo ku seva kumakhala fayilo yoyamba ndi sess_ kenako nambala ija. Pa Ubuntu ndi Debian mafayilowa amakhala mu /var/lib/php/sessions, mutha kukawaona nokha ngati muli ndi mphamvu za root. Ukaitana session_start, PHP imatsegula fayilo ija, kuwerenga zomwe zilimo nkuziika mu $_SESSION, iwe nkumasintha mmene ukufunira. Tsono apa ndi pomwe pali nkhani, script ikafika kumapeto PHP imatenga zomwe zili mu $_SESSION nthawi imeneyo nkuzilemba mu fayilo yokha, osakufunsa. Siifunsa ngati ntchito yayenda bwino kapena yalephera. Ukaimitsa script ndi exit imalembabe, die chimodzimodzi, ngakhale exception, cholakwika chomwe khodi imaponya zinthu zikavuta, itathawa osagwidwa nkugwetsa tsamba lonse, potseka imalembabe zomwe yapeza.

Khodi yanga inali motere, ndimatsegula transaction, mtolo wa zosintha za mu database zomwe zimalowa zonse pamodzi kapena kubwezedwa zonse, ndi PDO, chida cha PHP cholankhulira ndi database, kenako nkuzungulira pa katundu yense wa mu dengu, chinthu chilichonse ndikachichotsera pa stoko ndimachichotsanso pomwepo mu $_SESSION['dengu'] ndi unset. Panthawiyo zinkaoneka zaukhondo, chomwe chatha chichoke. Chinthu cha nambala 17 chinali makasu aja, stoko yosakwana, exception, ndipo mu catch, gawo logwira zolakwika, ndinaikamo rollBack yobweza transaction mwaulemu wake. Database inabweza zonse, matumba a feteleza anabwerera pa nambala yake ngati palibe chachitika, chifukwa matebulo ndi a InnoDB, mtundu womwe uli ndi ma transaction, ndipo ntchito yake ndi imeneyo. Koma rollBack ija imangodziwa za database basi, za session sizikuikhudza nkomwe, nde zinthu 16 zomwe ndinali nditachotsa kale zinakhala zochotsedwa, script inatha, PHP nkulemba dengu lotsala theka lija mu fayilo.

Nditayesa pa laputopu yanga kunyumba vuto linabwera ulendo woyamba womwe, ndinangoika zinthu zitatu, chachitatu nkupempha zambiri kuposa zomwe zilipo. Chaka chonse sichinaoneke chifukwa masiku wamba anthu amagula chinthu chimodzi kapena ziwiri, chikalephera choyamba palibe chomwe chachotsedwa kale.

Apa ndi pomwe session_abort imalowera. Ntchito yake ndi imodzi yokha, kutseka session osalemba zomwe wasintha. Fayilo ya ku seva imatsala mmene inaliri pomwe unkaitsegula, ngati kuti ulendo uno sunaikhudze. Inabwera mu PHP 5.6 chaka cha 2014, kutanthauza kuti ili pa hosting iliyonse yomwe mungapeze lero ngakhale zotchipa zija, ndipo kuyambira 7.2 imabweza true kapena false pomwe kale sinkabweza kanthu. Ukaiitana pomwe palibe session yotsegula imangobweza false. Ndiye ndinaiika pansi penipeni pa rollBack, ziwirizo motsatizana, database ibweze session nayo isalembe, ndinayesa, dengu linabwerera ndi zinthu zake zonse. Ndinasangalala kwambiri mpaka ndinatsala pang'ono kutumiza ku seva nthawi yomweyo.

Koma nditayang'anitsitsa ndinaona kuti uthenga woti katundu sakukwanira sukutulukanso. Tsamba limangobwerera ku dengu lili zii, osanena kuti chalakwika nchiyani, zomwe kwa munthu wa pa kauntala ndi zosokoneza kuposa poyamba chifukwa atha kuganiza kuti batani silinagwire nkudinanso kasanu. Chifukwa chake chinali pompo, uthenga ujanso ndimaunyamulira mu session yomweyo, ndimaulemba mu $_SESSION['uthenga'] kenako redirect yotumiza bulawuza ku tsamba lina, tsamba lotsatira nkuuwerenga. Ukapanga abort session yatsekedwa, chilichonse chomwe ungalembe mu $_SESSION pambuyo pake chimangothera m'malere, ndipo PHP siikuchenjeza ayi, imangokusiya ulembe.

Nde apa pali mnzake wa session_abort amene anabwera naye limodzi mu 5.6 momwemo, dzina lake session_reset. Uyu amataya zomwe wasintha nkubwezeretsa $_SESSION mmene inaliri mu fayilo, koma session amaisiya yotsegula. Kutanthauza kuti utha kubweza dengu, kenako nkuwonjezera uthenga wako, script ikatha PHP ilemba dengu lathunthu limodzi ndi uthengawo. Pa vuto langali amene amafunika kwenikweni anali reset. Abort ndi wa pomwe ulibenso chonena ku session ulendo umenewo, mwachitsanzo ukungobweza yankho la JSON loti zalephera nkuchoka.

Pali kanthu kenanso kamene kanandizunguza mutu kwa mphindi zingapo ndipo ndikufuna mukadziwe. Ukapanga abort, $_SESSION ya mu memory siibwerera mwakale, imakhalabe ndi zomwe unasintha mpaka script ithe. Chomwe chatetezeka ndi fayilo yokha. Ndiye ngati m'malo mwa redirect ukuonetsa tsamba pomwepo mu ulendo womwewo, munthu aona dengu la theka lija, akapanga refresh aona lathunthu, ndipo akuimbira foni kuti sistimu yanu ikuchita zamatsenga. Ine ndinaziona ndi maso pa tsamba lina lomwe silinkapanga redirect, ndinaika var_dump pambuyo pa abort nkuona zinthu ziwiri, ndikatsegula fayilo ya sess_ ndi cat ndikuona zitatu.

Tsopano nkhani ya logout, chifukwa iyi ndi yoopsa. Pa gulu lina la WhatsApp la anthu a khodi nditafotokoza zimenezi mnyamata wina anayankha kuti aah nde ndiika session_abort pa batani la logout, dzina lake likumveka ngati kuthetsa. Aise, chonde ayi. Abort sichotsa kanthu, fayilo ili pomwepo, cookie ili pomwepo mu bulawuza, munthu uja akadina tsamba lina lililonse session_start iwerenga fayilo yomwe ija nkumulandira ngati sanachoke. Ndipo choipitsitsa nchoti ukafufuta $_SESSION kaye kenako nkupanga abort, kufufuta kwakoko ndi komwe kwatayidwa. Taganizani kompyuta imodzi ya mu shopu yomwe amagwiritsa ntchito anthu atatu, bwana wadina logout wapita ku banki akuganiza kuti watseka, wotsala uja nkungodina back ali mkati mwa akaunti yoona phindu ndi kusintha mitengo. Logout yeniyeni imafuna zinthu zitatu, kukhuthula $_SESSION, kupha cookie ija poitumizira setcookie yokhala ndi nthawi yomwe inadutsa kale, ndi session_destroy yomwe imafufuta deta ku seva. Nayonso destroy payokha siikhudza cookie ndipo siikhuthula $_SESSION ya ulendo umenewo, nchifukwa chake zitatuzo zimayendera limodzi.

Mwina mukufunsa kuti nanga abort ntchito yake yeniyeni ya tsiku ndi tsiku ndi iti ngati pa dengu paja reset ndi amene anapambana. Ine komwe ndaipeza yothandiza kwambiri ndi pa nkhani ya loko. Session za mafayilo zimakhomedwa, script imodzi ikatsegula fayilo ya munthu, script ina iliyonse ya munthu yemweyo imaima pa session_start kudikira kuti woyamba amalize. Izi zili ndi cholinga chabwino, kuti awiri asalembe pamwamba pa mnzake. Koma mu shopu yomwe ija muli tsamba la lipoti la mwezi lomwe limatenga nthawi kuwerengera, ndipo kale bwana akalitsegula mu tabu ina, tabu yogulitsira imangozungulira osatsegula, iwo nkumati netiweki yavuta, mpaka kuzimitsa rauta nkuyatsanso, pomwe netiweki ilibe mlandu. Lipoti lija limangofuna kudziwa kuti walowa ndani ndipo ali ndi chilolezo chanji, likadziwa silifunanso session. Nde ukangowerenga zimenezo nkutseka pomwepo loko imamasuka, ma tabu ena nkumayenda. Ambiri amatseka ndi session_write_close, amenenso amatchedwa session_commit, ndipo palibe cholakwika, koma pa tsamba lomwe ndikudziwa kuti siliyenera kusintha kanthu ine ndimakonda abort chifukwa ngakhale fayilo ina yomwe ndapanga include itakhudza $_SESSION mwangozi, sizifika mu fayilo ya session. Kuyambira PHP 7.0 palinso njira yachidule, session_start imalandira option ya read_and_close yomwe imawerenga nkutseka nthawi imodzi, pa masamba atsopano ndimagwiritsa ntchito imeneyo.

Palinso phindu lina limene sindinaliganizire poyamba. Session imafa ikakhala osakhudzidwa kwa nthawi yomwe ili mu session.gc_maxlifetime, yachizolowezi ndi masekondi 1440, omwe ndi mphindi 24. PHP ikamatseka session mwa nthawi zonse imakonzanso nthawi ya fayilo ija ngakhale sunasinthe kanthu, kuti izioneka yamoyo. Tsono tsamba logulitsira lili ndi ka JavaScript kamene kamafunsa seva pafupipafupi ngati stoko yasintha, ndipo kafunso kalikonse kamadzutsa session, kutanthauza kuti kompyuta ikasiyidwa yoyaka session siifa olo mpaka mawa. Abort siilemba ndipo siikonza nthawiyo, ndiye nditaika pa kafunso kaja, munthu akachoka pa kauntala nthawi yaitali osadina kanthu session imakalamba yokha monga ziyenera kukhalira. Koma samalani, mbali inayo ndi yoti mukaika abort paliponse, munthu amene akugwiradi ntchito koma akungoyenda m'masamba owerenga okhaokha adzatulutsidwa ali pakati pa ntchito. Nde muziganiza tsamba ndi tsamba, osangomwaza.

Zomwe abort singabweze nazo ndi zambiri ndipo musaiyese mankhwala a chilichonse. SMS ya risiti ikatumizidwa yapita, imelo yapita, fayilo yomwe mwalemba pa disiki yalembedwa, cookie yomwe mwaika kale ndi setcookie ipitabe ku bulawuza. Ngati matebulo anu ndi a MyISAM, ngakhale rollBack yeniyeniyo siigwira chifukwa MyISAM ilibe ma transaction, nde mutha kubweza session bwinobwino koma stoko itachotsedwa kale, vuto lomwe lija koma motembenuza. Ndipo amene muli pa Laravel, framework ya PHP, dziwani kuti kumeneko session amaziyendetsa okha osadutsira $_SESSION ya PHP, kuitana session_abort sikukhudza session yawoyo.

Nditakonza ndi reset zinayenda, ndinatumiza ku seva Loweruka lomwelo masana kuti mayi aja apume. Koma usiku nditakhala ndinaona kuti mtima sunakhazikike, chifukwa ndinali nditangoika chigamba pa khodi yomwe kuyambira pachiyambi imagwira session nthawi yolakwika. Bwanji kuchotsa katundu mu dengu pomwe malonda sanatsimikizike? Ndiye Lamlungu madzulo ndinalembanso gawo lonselo, dengu ndimalikopera kaye mu variable wamba, kuzungulira konse kumachitikira pa kopeyo, $_SESSION osaikhudza olo pang'ono, commit yotsimikizira transaction ikadutsa mpamene ndimakhuthula dengu ndi mzere umodzi. Zikalephera pakati palibe choti ndibweze chifukwa palibe chomwe ndasintha. Reset ija ndinaisiyabe mu catch, chifukwa pali function ina yowerengera kuchotsera mtengo kwa ogula zambiri yomwe imalemba mu session, ndipo sindikufuna kudalira kuti ndidzakumbukira zimenezi chaka chamawa ndikamadzawonjezera zina. Komanso ndinasintha kuti sistimu iziyang'ana kaye stoko ya zinthu zonse isanayambe kuchotsa, nkunena dzina la chinthu chomwe chaperewera ndi nambala yomwe ilipo, m'malo mongoti katundu wina sakukwanira, chifukwa pa zinthu 23 munthu angadziwe bwanji kuti wina wakeyo ndi uti.

Ndikudziwa ena anena kuti dengu lisamakhale mu session nkomwe, lizikhala mu database kuti lizibwerera limodzi ndi transaction, ndipo ndikugwirizana nawo pa sistimu yaikulu, makamaka poti magetsi akazima kapena bulawuza ikatsekedwa dengu la mu database limapezekabe. Ndi komwe ndikulowera nyengo yogula ikadutsa. Koma pakati pa Novembala, shopu itadzaza, si nthawi yogwetsa khoma, ndinafuna chinthu chaching'ono chomwe ndikuchimvetsa mbali zonse.

Lolemba m'mawa ndinapita ndekha ku shopu kuja asanatsegule. Pepala la bambo aja linali likadali mu kabati pansi pa kalikuleta, lopindika pakati, ndipo ndinawapempha mayi aja kuti alowetsenso zonse 23 mmene anachitira Loweruka, makasu alembe dala ochuluka kuposa omwe alipo. Anandiyang'ana nkuti "Achimwene, zikachokanso mulemba ndinu." Ndinati chabwino amayi. Analowetsa, anadina, panatuluka uthenga wofiira wotchula makasu ndi nambala yomwe yatsala, iwo nkutsitsa tsamba pang'onopang'ono akuwerenga ndi chala pa sikirini kuyambira pa NPK mpaka pansi, zonse zinalipo. Anakonza nambala ya makasu ija, ine nkuwauza kuti asamalize poti ndi zoyesera, tinakhuthula dengu, ndipo panja panali pataima kale anthu anayi ndi njinga zawo kudikira kuti chitseko chitsegulidwe.